Injini yafa waranti itatha: mmene mungapemphere thandizo kwa opanga galimoto yanu yaliwiro

Ndinakhala zaka 7 pa kauntala ya sevisi kwa dila wina wa magalimoto ku England, ndipo munthu amene injini yamufera waranti itangotha ndinkamudziwa asanatsegule pakamwa. Amalowa makiyi ali m'manja, galimoto ili pamsana pa bulekidauni panja, funso lili limodzi: "Kodi kampani ingandithandizeko?" Ingathe, ndipo kawirikawiri imathandiza ngakhale palibe lamulo loikakamiza. Makampani opanga magalimoto amakhala ndi thumba la ndalama lomwe amalitcha goodwill, lothandizira kasitomala amene waranti yamuthera koma zikuoneka kuti vutolo sanadzipalire yekha. Thumbali salilengeza pa wailesi, ndipo salitsegulira munthu poti walira kwambiri. Amalitsegulira amene wabwera ndi mapepala, umboni wake uli wosakhudzidwa. Chimene chinkandiwawa mumtima n'chakuti ambiri ankaluza nkhani yawo m'masiku atatu oyambirira, asanalembe n'komwe kalata, pa tizinthu tomwe palibe anawauza.

Pa magalimoto aliwiro, aja amipando iwiri otsika ngati akununkhiza msewu, nkhaniyi imalemera kawiri. Injini yake ndi yodula, moti galimoto ikafika zaka 8 kapena 10, mtengo woikamo ina umatha kulingana ndi mtengo wa galimoto yonse. Komanso kampani imayamba ndi kukukayikirani: munagulira liwiro, ndiye mwina mwaipha nokha. Zonse zomwe ndilembe pano cholinga chake ndi kuchotsa chikayiko chimenecho.

Tsiku lomwelo

Mukamva kugogoda m'injini, kapena nyali yofiira ya oyilo ikayaka, pezani poima pabwino n'kuzimitsa. Musailizenso kuti mumve ngati phokoso lidakalipo. Musati poti kunyumba kwatsala makilomita awiri ndingoikwawitsa pang'onopang'ono. Kompyuta ya galimoto imasunga zomwe zinkachitika nyali itayaka, ndi mtunda womwe munayenda pambuyo pake, ndipo kampani ikaona kuti munapitiriza ulendo idzati bala laling'ono munalikulitsa nokha.

Tengani foni mujambule dashibodi, nyali zonse ndi makilomita zioneke bwino. Jambulaninso pansi ngati pali chomwe chikudontha. Mukuyembekezera bulekidauni, lembani tsiku, ola, msewu, liwiro lomwe munali ndi giya yomwe munalimo, chifukwa pakatha milungu itatu mudzakhala mukusokoneza, ndipo nkhani yosinthasintha imadzetsa chikayiko. Lisiti la bulekidauni lisungeni. Ndipo munthu aliyense wachifundo amene angabwere ndi kamakina kowerengera kompyuta, muloleni awerenge ngati akufuna, koma asafufute kanthu.

Musalole kuti aimasule

Lamulungu lina madzulo anandiimbira m'bale wina wakwathu amene ankagwira ntchito ya unamwino. Galimoto yake, yomwe anaisungira ndalama zaka zambiri, inali itanoka pa msewu wa M1 patangotha miyezi 5 waranti itatha. "Achimwene," anatero, "pali mnyamata wina wodziwa injini, akuti abwera mawa adzaimasule tione chomwe chalakwika." Ndinati, "Ayi akulu, musayerekeze. Ngakhale bawuti imodzi asaikhudze. Ikokereni kwa dila wa mtundu wa galimotoyo."

Mnyamatayo mwina analidi waluso. Vuto n'lakuti kampani imakhulupirira zokhazo zomwe makaniko wake wovomerezeka waona ndi maso ake, wajambula, n'kulemba m'lipoti. Injini ikafika ili m'makatoni, palibenso amene angatsimikize kuti oyilo analimo wochuluka bwanji, anali wamtundu wanji, kapena kuti chinayamba kusweka n'chiyani. Mwezi womwewo panabwera bambo wina atanyamula zidutswa za injini m'buti ya galimoto ya mkazi wake, oyilo atatayidwa, fyuluta ili kudzala. Ndikukhulupirira kuti vuto lake linali lochokera ku fakitale, koma tinalibe chotumiza. Anakanidwa tsiku lachiwiri.

Kwa dila, musangosiya makiyi n'kunena kuti onani. Ndalama yofufuzira vuto mudzalipira ndinu, choncho gwirizanani polemba kuti asapitirire ndalama zakutizakuti osakufunsani. Pemphani kuti ayende pang'onopang'ono. Ayambe ndi kuwerenga kompyuta n'kusindikiza zomwe apeza. Ayeze oyilo amene watsala n'kulemba malita ake. Atunge oyilo pang'ono m'kabotolo koyera kuti mukamutumize ku labotale. Adule fyuluta. Alowetse kakamera kaja pabowo la pulagi aone mkati mwa masilinda. Kumasula injini yonse kudikire mpaka kampani itanena yokha kuti ikufuna kuona mkati, ndipo mufunsiretu ngati ndalama yomasulirayo idzawerengedwe limodzi akavomera kukuthandizani.

Ngati angakuloleni, khalanipo podula fyuluta. Ya namwino uja tinaidula pa benchi, n'kutambasula pepala lake lopindapinda pansi pa nyali. M'mizere monse munali tizidutswa tonyezimira ngati mchenga wa m'mbali mwa nyanja dzuwa likamalowa. Makaniko anadutsitsa maginito: tina tinamata, tambiri tinatsalira, tofiirira ngati waya wamagetsi. Tomata pa maginito ndi chitsulo. Tofiirira ndi kopa, ndipo kopa amaonekera bering'i ya konirodi, ndodo yolumikiza pisitoni ku shafuti yaikulu ya injini, ikadyeka mpaka mkati. Toyera tosamata ndi aluminiyamu wa pisitoni kapena wa khoma la silinda. Tapulasitiki takuda kapena tabulauni kawirikawiri timachokera pa zotsogolera tcheni. Zinthu zimenezi zimafotokoza chiyambi cha vuto kuposa mawu anu onse, choncho zijambulidwe, ziikidwe m'kathumba, alembepo nambala ya galimoto ndi tsiku. Lipoti la ku labotale lidzanenanso ngati oyiloyo anali wabwinobwino, wosalowa petulo kapena madzi, ndipo zimenezo zimatseka pakamwa aliyense wofuna kunena kuti simunkasamala.

Sonkhanitsani mapepala

Pamene makaniko akufufuza, inu khalani pa tebulo ndi faelo. Mukufunika lisiti logulira galimoto, buku la sevisi, ndi invoisi ya sevisi iliyonse yosonyeza tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo ndi masipeya omwe anaikamo. Sitampa yokha m'buku ndi yopepuka, invoisi ndiyo yolemera. Ngati zina zinatayika, imbirani magalaja omwe munapitako akusindikizireni zina. Amene muli ku Britain mutha kutsitsa ulere pa intaneti mbiri ya MOT ya galimoto yanu, kuyezedwa kuja koona ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu, yomwe imasonyeza mamailosi a chaka ndi chaka. Ngakhale timalisiti ta oyilo wowonjezera togula pa filing'i siteshoni tili ndi ntchito: timasonyeza kuti munkayang'anira injini, ndiponso kuti inali itayamba kumwa oyilo.

Pepala lamtengo wapatali kuposa onse ndi lomwe likusonyeza kuti munadandaulapo waranti isanathe. Ngati munauzapo dila kuti mukumva kaphokoso m'mawa, kapena kuti oyilo akutha msanga, iwo n'kukuuzani kuti ndi mmene zimakhalira, pemphani kope la khadi la ntchito la tsiku limenelo. Pepala limodzi lotere limasintha nkhani yonse, chifukwa limasonyeza kuti matendawo anayamba galimoto ili m'manja mwa waranti. Namwino uja anali nalo. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake analembetsa kuti injini ikuchita phokoso ikazizira, ndipo pansi pake panalembedwa kuti sitinapeze vuto.

Ndinene mosabisa Chichewa za sevisi yochitira kunja kwa dila. Ku Britain simutaya waranti chifukwa chopita ku galaja yoima payokha, bola atsate ndondomeko ya kampani ndi kugwiritsa ntchito masipeya oyenera. Ku South Africa nakonso, kuyambira pa 1 July 2021, malangizo a Competition Commission, bungwe loona za mpikisano pa malonda, anatsegula njira yomweyo. Koma goodwill si waranti. Ndi mphatso, ndipo wopereka mphatso amayang'ana amene wakhala akubwera pakhomo pake. Amene sevisi zonse anachitira kwa dila amayambira patsogolo. Ngati inu munkapita kwina, musataye mtima, koma mainvoisi anu akhale osasiya mpata. Ndipo ngati pali sevisi yomwe munachedwa nayo, inenani nokha ndi chifukwa chake asanaitulukire iwo.

Fufuzani ngati simuli nokha

Kampani imamvera msanga ikadziwa kuti vuto lanu ikulidziwa kale, ndiponso kuti inuyo mukudziwa kuti ikulidziwa. Tengani nambala ya VIN, ija ya zilembo ndi manambala 17, mufufuze ngati galimoto yanu inaitanidwapo kuti ikakonzedwe. Ku America bungwe la boma loona za chitetezo cha pamsewu la NHTSA limaika poyera zoitanitsa zimenezi pamodzi ndi makalata omwe makampani amatumizira madila awo ofotokoza mavuto obwerezabwereza. Ku Britain boma lili ndi pofufuzira pake. Funsaninso dila mwachindunji ngati pali kalata yaukadaulo kapena waranti yowonjezera yokhudza injini yanu. Makalabu a eni magalimoto a mtundu wanu ndi amakaniko omwe amangokonza mtundu umenewo amadziwa zambiri pa nkhani zotere.

Chitsanzo chotchuka ndi cha Porsche. Injini za Boxster ndi 911 zoziziritsidwa ndi madzi, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mpaka 2008, zinali ndi shafuti yapakati yotenga mphamvu ku crankshaft, shafuti yaikulu yozungulitsidwa ndi mapisitoni, n'kuipereka ku matcheni oyendetsa mavalavu. Kumapeto kwa shafutiyo kuli bering'i yomwe eni ake amangoitcha IMS. Ikasweka, mavalavu ndi mapisitoni zimasemphana nthawi n'kuwombana, tizitsulo n'kumwazikira m'injini monse. Kwa zaka zingapo aliyense ankapempha payekha, wina n'kuthandizidwa, wina n'kubwezedwa. Kenaka ku America eni ake anasuma monga gulu, ndipo mu 2013 mlandu wa Eisen ndi Porsche Cars North America unatha pa mgwirizano wokhudza Boxster ndi 911 za 2001 mpaka 2005, zosapitirira zaka 10 kapena mamailosi 130,000. Apa pali phunziro lomwe ndimauza aliyense: amene anali atakonzetsa kale ndi ndalama zawo anatha kupempha kubwezeredwa, koma pamafunika mapepala osonyeza zomwe analipira. Ngakhale akukaneni lero, invoisi ya injiniyo musadzaitaye.

Kampani yomweyo inachitapo mosiyana nthawi ina. Mu 2014, magalimoto awiri a 911 GT3 atapsa ku Europe, inauza eni ake kuti asiye kuwayendetsa ndipo inasintha injini m'magalimoto onse 785 a GT3 ya 2014. Patatulukanso vuto la kudyeka kwa zida zokankha mavalavu, mu 2017 inatalikitsa waranti ya injini za GT3 imeneyo kufika zaka 10 kapena mamailosi 120,000. Mazda nayo, eni RX-8 atachuluka odandaula kuti injini yake ya rotary, ija yopanda mapisitoni, ikutaya mphamvu ya kompuresheni, inatalikitsa waranti ya injiniyo ku America kufika zaka 8 kapena mamailosi 100,000 pa magalimoto a 2004 mpaka 2008. Munthu amene sakudziwa kuti zoterezi zilipo angalipire yekha chinthu chomwe kampani inavomera kale kulipira.

Chenjezo n'lakuti mapangano otere amakhala a dziko limodzi. Zomwe anagwirizana ku America sizimanga nthambi ya kampaniyo ya ku Britain kapena ya ku South Africa. Komabe zitchuleni m'kalata yanu, pakuti injini ndi yomweyo, ndipo zimasonyeza kuti vutolo si lachilendo kwa iwo.

Kwa abale akumudzi amene RX-8 kapena Toyota 86 yanu inachokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, ndisakunamizeni, mwayi wa goodwill ndi wochepa. Ndalama zimenezi zimachokera ku nthambi yomwe inagulitsa galimotoyo m'dziko lake, ndipo dila wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka sanadyepo kanthu pa galimoto yanu. Chomwe mungachite ndi kutenga nambala ya chasisi, yoyamba ndi SE3P pa RX-8 kapena ZN6 pa 86, n'kufufuza pa tsamba la kampaniyo la ku Japan ngati pali kuitanitsa komwe sikunachitidwe. Mukapeza kanthu, pitani nako kwa dila mukambirane, ngakhale zitangothera pa kukuchotserani mtengo wa masipeya.

Munthu amene mukumufuna kwambiri ndi manijala wa sevisi

Ambiri amathamangira kuimbira ku likulu la kampani, osadziwa kuti pempho la goodwill limalembedwa ndi dila. Manijala wa sevisi, kapena kalaliki woona za waranti, ndiye amadzaza fomu pa kompyuta ya kampani: zaka za galimoto, mtunda, mbiri ya sevisi, ngati ndinu mwini woyamba, ngati munagula kwa dila wawo, ngati munakhalapo ndi magalimoto ena a mtundu womwewo, ndi zomwe makaniko wapeza. Pamakhalanso malo olemba maganizo ake. Ndinalembapo m'malo amenewo kambirimbiri, ndipo ndikudziwa kusiyana kwa pempho lolembedwa ndi mtima wonse ndi lolembedwa pongokwaniritsa ntchito. Munthu amene wakhala pa kauntala uja sindiye anapanga injini yanu. Mukamukalipira mwakalipira mlembi wa pempho lanu.

Pemphani kukumana ndi manijala pamaso, faelo ili m'manja, ndipo nenani mosapsatira kuti mukufuna atumize pempho la goodwill lokhudza masipeya ndi ndalama ya ntchito yomwe. Funsani kuti alitumiza liti, ndipo yankho limatenga masiku angati.

Akakufunsani za kayendetsedwe, nenani zoona, chifukwa galimoto idzanena yokha. Kompyuta za magalimoto aliwiro ambiri zimasunga nthawi zomwe injini inazungulira kupyola malire. Za Porsche zimachita kuziika m'magulu malinga ndi kukula kwa kupyolako, pamodzi ndi ola la injini lomwe zinachitika. Ngati munaphonya giya, kufuna yachisanu n'kulowa yachitatu muli paliwiro, zidzaoneka. Ngati lipotilo ndi loyera, pemphani kope, ndi mboni yanu. Ngati munasinthitsa pulogalamu ya kompyuta kuti injini ikhale ndi mphamvu zambiri, kubwezeretsa yakale usiku sikuthandiza, chifukwa nthawi zambiri pamatsala chizindikiro, ndipo akakugwirani mukubisa, khomo latsekeka.

Samalaninso ndi zomwe mumaika pa Facebook ndi Instagram. Mu 2022 ku America, mwini Toyota GR86 wina anakanidwa thandizo pa injini yomwe inafa waranti idakalipo, kampani itapeza zithunzi zake akuyendetsa pa bwalo la masewero a magalimoto. Nkhaniyo itamveka ponseponse, Toyota inasintha maganizo n'kuvomera kukonza. Iye zinamuthera bwino, koma ngati anachita kuvutika chotero waranti ilipo, inu amene yanu yatha musawapatse chifukwa. Ndipo kunyoza kampani pa intaneti pempho lidakali m'njira ndi kudzitchera msampha nokha.

Kalata yopita ku kampani

Dila akangotumiza pempho, imbirani ku ofesi yoona za makasitomala ya kampaniyo m'dziko lomwe muli, mutsegulitse dandaulo, akupatseni nambala yake. Kenaka tumizani kalata pa imelo, yosapitirira tsamba limodzi. Pamwamba pakhale nambala ya dandaulo, VIN, tsiku logulira, tsiku lomwe waranti inatha ndi mtunda womwe galimoto yayenda. Ndime yoyamba inene zomwe zinachitika. Yachiwiri inene zomwe makaniko wawo wapeza, m'mawu a lipoti lake. Yachitatu isonyeze kuti sevisi zonse zinachitika pa nthawi yake, ndipo ngati munadandaulapo kale, tsiku lake. Yachinayi itchule zomwe mwapeza zosonyeza kuti vutoli limadziwika. Yomaliza inene chomwe mukufuna: kuti alipire mtengo wonse wa kotesheni yakuti, ndipo akuyankheni polemba m'masiku 14. Musalembe kuti chilichonse chomwe mungandithandize, pakuti wopempha chilichonse amapatsidwa chochepa.

Za mmene mwavutikira, chiganizo chimodzi chakwana. Za loya musatchule pakali pano. Ndinaona kangapo munthu atangolemba kuti akasuma, faelo yake n'kuchoka kwa anthu omwe anali ndi mphamvu zomuthandiza kupita kwa a zamalamulo, ndipo kumeneko zinthu zimayenda ngati kamba.

Khalani ndi kabuku kolembamo foni iliyonse: tsiku, dzina la amene munayankhula naye, zomwe ananena. Mukatsitsa foni, tumizani kaimelo kobwereza zomwe mwagwirizana. Sabata iliyonse funsani kamodzi, mwaulemu, tsiku lomwelomwelo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha sikutanthauza kukhala chete, chifukwa faelo ya munthu wosafunsa imatsikira pansi pa mulu.

Akakupatsani gawo chabe

Si kawirikawiri kuti alipire zonse. Yankho loyamba limakonda kukhala gawo la masipeya, ndalama ya ntchito n'kukusiyirani. Thokozani, koma musavomere pa foni. Pemphani polemba, muwerengere bwino kuti m'thumba mwanu mutuluka zingati, msonkho uli momwemo. Kenaka bwererani ndi chifukwa chatsopano, monga lipoti la labotale kapena khadi lakale lija, mupemphe kuti aunikenso. Funsaninso dila ngati angaikepo gawo lake, kaya potsitsa mtengo wa ola la ntchito, pakuti nthawi zambiri mtolo umagawidwa patatu: kampani, dila ndi mwini galimoto.

Funsani kuti aikamo chiyani, injini yatsopano, yokonzedwanso ku fakitale, kapena chigawo chapansi chokha. Funsani ngati asintha chozizitsira oyilo ndi mapaipi ake, chifukwa tizitsulo tobisala mmenemo titha kupha injini yachiwiri. Funsani kuti ntchitoyo ili ndi waranti ya nthawi yaitali bwanji, ndipo ilembedwe. Musanasaine, tengani kotesheni kwa makaniko wodalirika amene amangokonza mtundu umenewo. Zimachitika kuti theka la mtengo wa dila limaposa mtengo wonse wa katswiri woima payekha, amene mwinanso angaikemo chida cholimba kuposa chomwe chinasweka. Werenganinso bwino ngati pepalalo likuti polandira thandizoli mwatseka madandaulo ena onse. Ndipo popeza zida zakale zimabwerera ku kampani ikalipira, zijambuleni zisanapite.

Akakana

Pemphani chifukwa chake polemba. Ngati akuti ndi kutha kwa ukalamba kapena kusasamala, lembani ntchito injiniya woima payekha akaone injiniyo ili kwa dila komweko, alembe lipoti lake. Tumizani lipotilo ku ofesi ya mkulu wa kampaniyo m'dzikomo, ndi kalata yaifupi yaulemu.

Apa m'pamene muyenera kuyang'ananso kwa amene anakugulitsani, chifukwa lamulo limagwira wogulitsa kuposa wopanga. Ku Britain, Consumer Rights Act ya 2015 imati katundu wogula kwa wamalonda akhale wabwino ndi wolimba moyenera mtengo wake ndi msinkhu wake, ndipo muli ndi zaka 6 zokasumira ku England ndi Wales, kapena 5 ku Scotland. Ikapita miyezi 6 chigulireni, udindo wosonyeza kuti vutolo linalipo kuyambira pachiyambi umakhala wanu, n'chifukwa chake kathumba ka tizitsulo kaja ndi lipoti la injiniya zili zofunika. Chitetezo chimenechi sichikhudza galimoto yogula kwa munthu wamba. Ngati munagula pa ngongole ya HP kapena PCP, zija zolipira galimoto mwezi ndi mwezi, dandaulo limapita ku kampani ya ngongoleyo, ndipo ikakana mutha kupita ku Financial Ombudsman Service, ofesi yomva madandaulo a zandalama. Madandaulo okhudza madila ndi makampani omwe analembetsa ku The Motor Ombudsman amapita kumeneko ulere, mutawapatsa kaye milungu 8 yoti ayankhe. Khoti la milandu ing'onoing'ono ku England ndi Wales limamva nkhani zosapitirira mapaundi 10,000, ndipo injini zambiri za magalimoto otere zimadutsa pamenepo, choncho funsani loya musanasankhe njira.

Ku South Africa, Consumer Protection Act ya 2008 imapereka miyezi 6 kuchokera tsiku lolandira galimoto kwa wamalonda, ndipo madandaulo a zamagalimoto amapita ku Motor Industry Ombudsman of South Africa. Ku Malawi, ngati wamalonda anakugulitsani galimoto atabisa kapena kunama za mmene injini inalili, nkhaniyo mutha kuitengera ku Competition and Fair Trading Commission. Nthawi yonseyi funsani dila ngati akukulipiritsani malo omwe galimoto yaima, kuti musadzadzidzimuke ndi bilu ina pamapeto.

Namwino uja sanafike konseko. Kotesheni yake inali ya mapaundi 14,000 ndi kanthu. Yankho loyamba linabwera patatha milungu iwiri, theka la masipeya basi. Anandiimbira mawu akunjenjemera, akufuna kungovomera kuti zithe. Ndinati, "Akulu, dikirani lipoti la oyilo lifike." Litafika tinaliphatikiza ndi khadi lakale lija, manijala analembanso, ndipo pa sabata yachisanu ndi chiwiri kampani inavomera masipeya onse, dila n'kutsitsa mtengo wa ntchito. Iye analipira mapaundi osakwana 2,500. Tsiku lodzatenga galimoto anabwera atavala yunifolomu, akuchokera ku shifiti ya usiku. Ndinamuuza kuti mamailosi 1,000 oyamba ayende modekha, asazungulitse injini kwambiri, kenaka abwere tidzasinthe oyilo ndi kudulanso fyuluta tione. Invoisi yatsopanoyo anaiika m'faelo yomwe ija, pamwamba pa zinazo.